Mpata wa Moçambique: khomo ndi lathu, alonda ndi alendo

TETE. Dzinja likafika, inu amene mumatsegula wailesi m'mamawa mumalimva kawirikawiri dzina lakuti Canal de Moçambique. Woulutsa mawu amati namondwe ali kumeneko, ndipo pakangopita masiku ochepa mvula yosalekeza imatipeza kuno ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Moatize. Idai wa mu 2019 adadzera kumeneko. Freddy wa mu 2023 adadzeranso komweko. Ambiri a ife madzi amenewa sitidawaonepo ndi maso. Koma mukaima pachipata cha Zóbuè kapena cha Calómuè n'kuwerenga malole a mafuta amene andanda kudikira kulowa m'Malawi, dziwani kuti ochuluka adamwera ku Beira, ndipo mafutawo adafika pa Beira pa chombo chimene chidayandama pa madzi omwewo.

Canal ameneyu sadakumbidwe ndi anthu. Ndi mpata wa nyanja ya mchere umene uli pakati pa gombe lathu ndi chilumba chachikulu cha Madagascar. M'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 1600. Pamene udachepa kwambiri, moyang'anana ndi Angoche, ndi makilomita opitirira pang'ono 400, ngati ulendo wa pamsewu wochoka ku Tete kukafika ku Chimoio. Chombo chochokera ku India kapena ku mayiko a Aluya, chikafuna kuzungulira kumunsi kwa Afirika kupita ku Ulaya, njira ina yachidule ndi imeneyi. Ichi ndicho chifukwa chake mayiko akutali akhala akuikamo zombo zawo za nkhondo kwa zaka zoposa 500, pamene eni gombe amangoonera.

Linga la pa chilumba

Azungu asanabwere, Aswahili ndi Aluya ndiwo ankayenda mu mpatawu. Ankatsika ndi mphepo ya kumpoto, kudzagula golide pa Sofala, n'kudikira kuti mphepo itembenuke kuti abwerere ku Kilwa. Vasco da Gama adafika pa Ilha de Moçambique mu Malichi 1498. Mu 1505 Apwitikizi adamanga linga pa Sofala, ndipo mu 1507 adakhazikika pa Ilha. Kachilumbako n'kakang'ono ndi kosowa madzi akumwa, koma zombo zochokera ku Lisboa kupita ku Goa zinkapumira pamenepo. Chombo chimene chachedwa mphepo chinkagona pomwepo miyezi yambiri, amalinyero ake akutha ndi malungo. Minyanga ya njovu yochokera m'dziko la makolo athu Amaravi nayo inkatulukira pa gombe limeneli.

Mu 1558 adayamba kumanga linga lalikulu la São Sebastião, limene lidakalipo mpaka lero. Adatchi adalizinga mu 1607, adabweranso mu 1608, koma maulendo onse awiri adabwerera chimanjamanja. Pambuyo pake, mu 1652, adakatsegula malo awoawo opumira ku Cape. Linga lija likadagwa, mwina tsamba lino bwenzi likutuluka m'nyuzipepala ya chilankhulo china.

Nkhani imene imaonetsa bwino kuti mwini mphamvu pa madziwa ndani idachitika mu 1857. Nthawi imeneyo Angerezi ankaumiriza Portugal kuti aletse malonda a akapolo. Apwitikizi adagwira chombo cha Afalansa, dzina lake Charles et Georges, pafupi ndi Ilha, m'kati mwake muli anthu akuda oposa 100. Afalansa ankati awa ndi antchito olembedwa mwa kufuna kwawo opita ku minda ya nzimbe ya ku Réunion. Khoti la pa Ilha lidati ndi akapolo, ndipo chombocho chidatumizidwa ku Lisboa. Mu Okutobala 1858 mfumu Napoleon III adatumiza zombo za nkhondo mpaka pa mtsinje wa Tejo, pakhomo penipeni pa Lisboa. Angerezi aja, amene ankakankha Portugal kumsana, adangopinda manja. Portugal adabweza chombo n'kulipiranso chindapusa.

Mu 1869 ngalande ya Suez idatsegulidwa ku Egypt, ndipo zombo za ku India zidapeza njira yachidule yosadzera kwathu. Mpata wathu udazizira. Kuyambira pamenepo mpaka lero, Suez akakhala pa mtendere ife amatiiwala, koma akangotsekeka kapena kuopsa, maso onse amabwerera kuno.

Chaka cha 1942

Izi zidaoneka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nyanja ya Mediterranean idadzaza ndi ndege ndi zombo za Germany ndi Italy, choncho asilikali a Britain ku Egypt ankalandira zida ndi chakudya pozungulira Cape n'kukwera mu mpata wathu. Mu Febuluwale 1942 Japan adalanda Singapore. Madagascar nthawiyo inali m'manja mwa boma la Afalansa la Vichy, limene linkamvera Germany. Mantha a Winston Churchill adali akuti Ajapani akangopatsidwa doko la Diego Suarez, kumpoto kwa chilumbacho, njira ya ku Egypt yaduka.

Pa 5 Meyi 1942 Angerezi adatsikira pafupi ndi Diego Suarez ndipo adalanda dokolo m'masiku atatu. Koma kumapeto kwa mwezi womwewo tisitima ting'onoting'ono ta Ajapani toyenda pansi pa madzi tidalowa m'dokomo usiku, n'kuboola chombo chachikulu cha nkhondo cha Ramillies ndi kumiza china cha mafuta. Mu Juni ndi Julaye sitima za pansi pa madzi za Japan zidamiza zombo za malonda pafupifupi 20 mu mpatawu ndi m'mbali mwake. Amalinyero ena opulumuka ankakocheza ndi timabwato pa gombe lathu.

Apa m'pamene nkhaniyi ikukhudza mabanja a tsidya lino ndi tsidya ilo la malire. Angerezi ataganiza zolanda chilumba chonse, adatsikira ku Majunga pa 10 Seputembala, ndipo amene adayenda ulendo wautali wa pamtunda adali asilikali akuda a King's African Rifles, aja agogo athu ankawatcha a Keyala. Pakati pawo padali gulu la ku Nyasaland, limene linkalankhula Chinyanja. Adalowa mu Tananarive pa 23 Seputembala, n'kupitiriza kulondola Afalansa kum'mwera, akuchotsa mitengo ndi miyala imene adani ankatseka nayo misewu, mpaka bwanamkubwa Armand Annet adagonja mu Novembala. Anyamata amene adakulira m'mapiri, ena osadziwa n'kusambira komwe, adaoloka nyanja kukamenyera njira ya zombo za eni ake.

Portugal sadalowe nawo nkhondoyo, ndiye Lourenço Marques, amene lero ndi Maputo, adasanduka bwalo la onse. Akazitape a Britain, Germany ndi Italy ankadyera m'mahotela amodzimodzi, aliyense akuwerenga zombo zotuluka pa doko. Mu Julaye 1942 pa doko lomwelo padakumana zombo zitatu: Gripsholm chochokera ku America chitanyamula Ajapani, ndi Asama Maru ndi Conte Verde zochokera kum'mawa zitanyamula Amereka ndi anzawo. Anthu mazanamazana adatsika chombo china n'kukwera chinzake, adani akupitirirana pa doko popanda kuwomberana.

Zaka 9 pakhomo pa Beira

Ku sukulu tidaloweza za Vasco da Gama mpaka kutopa, koma nkhani yotsatirayi ine ndidakaimvera kwina, ngakhale ndiyo idatikhudza kwambiri kuno ku Tete.

Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith adalengeza kuti Rhodesia yadzipatsa ufulu, popanda chilolezo cha Britain ndiponso popanda voti ya anthu akuda ochuluka. Nduna yaikulu ya Britain, Harold Wilson, idakana kutumiza asilikali. M'malo mwake idasankha kuumitsa Smith pakhosi pomumana mafuta. Rhodesia ilibe nyanja. Mafuta ake osayenga ankatsikira pa Beira n'kukwera mu paipi ya makilomita pafupifupi 300 mpaka ku fakitale yoyengera ya Feruka, pafupi ndi Umtali, amene lero ndi Mutare. Mu Januwale 1966, pa msonkhano wa ku Lagos, Wilson adalonjeza atsogoleri a Afirika kuti Smith agwa m'masabata owerengeka, osati miyezi.

Kuyambira mu Malichi 1966 zombo za nkhondo za Britain zidayamba kuzungulira kunja kwa Beira. Poyamba padabwera ngakhale zikuluzikulu zonyamula ndege, Ark Royal ndi Eagle. Ndege zina zolondera zinkanyamuka ku Majunga komwe kuja. Koma kumayambiriro kwa Epulo chombo cha mafuta chotchedwa Joanna V, choyenda ndi mbendera ya Greece, chitaimitsidwa chidakana kubwerera. Mkulu wa chombo cha Angerezi adalibe lamulo lomuloleza kuwombera, ndipo adangochiyang'ana chikulowa pa Beira pa 5 Epulo.

Manyazi amenewa ndiwo adathamangitsira Britain ku bungwe la ONU. Pa 9 Epulo 1966 khonsolo yoona za chitetezo idavomereza chigamulo nambala 221: mayiko 10 adavomera, 5 sadaponye voti, wotsutsa padalibe. Chigamulocho chidapatsa Britain mphamvu yoletsa, ngakhale ndi mfuti, chombo chilichonse choganiziridwa kuti chanyamula mafuta a Rhodesia kuti chisafike pa Beira. Tsiku lotsatira amalinyero a Britain adakwera m'chombo china, Manuela, n'kuchibweza, ndipo chidakathera ku Durban. Joanna V adakhala pa doko osatsitsa mafuta ake. Paipi idauma, fakitale ya Feruka idazima, ndipo siidayengenso mafuta kufikira lero.

Mukamva choncho mungati Wilson adapambana. Koma werenganinso chigamulo chija: chidatchula Beira yekha. Lourenço Marques sichidamutchule. Doko limenelo ndilo linkadyetsa migodi ya ku Joni, ndipo Britain sankafuna kukangana ndi South Africa, kumene kudali chuma chake chambiri, kapena ndi Portugal, mnzake m'bungwe la NATO. Choncho petulo ndi dizilo woyengayenga ankatsikira pa Lourenço Marques n'kukwera njanji kulowa mu Rhodesia, wina n'kumadzera pa Beitbridge. Mlonda adakhala ndi mfuti pakhomo la kumaso, la kuseri lili pululu. Mu 1978 lipoti la Thomas Bingham, limene boma la Britain lomwelo lidalamula, lidaulula kuti nthambi za makampani a Shell ndi BP zidali m'gulu la amene ankafikitsa mafutawo, ndiponso kuti akuluakulu ena a boma ku London adazidziwa kalekale.

Amene adamva kuwawa poyamba ndi abale athu a ku Zambia, popeza mafuta awo ankadzera ku Rhodesia ndipo Smith adawatsekera. Padafika poti migolo ya petulo inkabwera pa ndege, ina pa malole mu msewu woipa wa ku Dar es Salaam umene udapha madalaivala ambiri, kufikira paipi ya TAZAMA idatsegulidwa mu 1968.

Kunja kwa Beira ntchito idapitirirabe. Zombozo sizinkaloledwa kulowa m'madzi a Portugal, ndiye zinkangoyendayenda kutali, gombe likuoneka ngati utsi. Mu Disembala 1967 chombo cha Afalansa, Artois, chidanyozera zipolopolo zochenjeza n'kulowa ndithu pa doko, ndipo zidadziwika kuti mafuta ake sadali a Smith n'komwe. Pa zaka 5 zoyambirira adaimitsa zombo za mafuta 47, ndipo 42 mwa izo adazilola kupitirira, popeza Beira ankalandiranso mafuta a Moçambique ndi a mayiko ena oyandikana nawo. Amalinyero, posowa chochita, ankapikisana masewera pakati pa chombo ndi chombo, chikho chake chili ndowa yakale yopindikapindika. Zombo za nkhondo 76 zidasinthana pa ntchitoyo. Pa zaka zomwezo Suez adali wotseka, kuyambira pa nkhondo ya Israel ndi Aluya ya mu Juni 1967 mpaka mu Juni 1975, kotero kuti zombo zikuluzikulu za mafuta opita ku Ulaya zinkadutsa tsiku ndi tsiku kumbuyo kwa alondawo.

Kuno ku Tete akuluakulu akukumbukira bwino kuti ndege za Smith sizidasowepo mafuta. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 asilikali ake ankaoloka malire kudzathandiza Apwitikizi kusaka a Frelimo, ndipo anthu a ku Mucumbura adaikapo maliro ambiri.

Chombo chomaliza chidachoka pa 25 Juni 1975, tsiku la ufulu wathu. Pa 3 Malichi 1976 Samora Machel adatseka malire onse ndi Rhodesia: njanji ya ku Beira, njanji ya ku Maputo, misewu, zonse. Zimene zombo 76 zidalephera pa zaka 9, boma la miyezi 8 lidachita ndi chilengezo chimodzi pa wailesi, ndipo Smith adatsala ndi khomo la South Africa lokha. Koma kunena chilungamo, Britain adalipira ndalama zokha, pamene ife tidalipira ndalama ndi magazi. Doko la Beira lidakhala duu, antchito a njanji ambiri adasowa chochita. Pa 9 Ogasiti chaka chomwecho asilikali a Smith adapha anthu mazanamazana pa msasa wa othawa nkhondo wa Nyazónia. Mu 1979 adaotcha matanki a mafuta a ku Munhava mu Beira. Akazitape a Rhodesia ndiwonso adathandiza kukhazikitsa Renamo, ndipo nkhondo imene idatsatirapo sindikufunika kukufotokozerani inu amene mudagona ku misasa ya ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza.

Zimbabwe atalandira ufulu mu 1980, kulimbana kudachoka panyanja kubwera pa njira zopita ku nyanja. Asilikali a Zimbabwe adayamba kulondera paipi ndi njanji ya Beira mu 1982, ndiponso ankaperekeza koluna ya malole kuchokera ku Nyamapanda kudzera pa mlatho wa Tete mpaka pa Zóbuè. A Malawi adalondera njanji ya Nacala kuyambira mu 1987. Onsewa adabwerera kwawo pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa ku Roma wa pa 4 Okutobala 1992.

Tizilumba ta pakati

Funsani mwana wa sukulu mayiko amene timachita nawo malire, adzatchula 6 a pamtunda. Sadzatchula France. Komatu pakati pa mpatawu pali tizilumba ta Europa, Bassas da India ndi Juan de Nova, ndipo kumpoto kuli Glorieuses. Tonseti tili m'manja mwa France. Pa 1 Epulo 1960, patangotsala miyezi yosakwana itatu kuti Madagascar alandire ufulu, boma la Charles de Gaulle lidatichotsa mu ulamuliro wa chilumba chachikulucho. Palibe mudzi pa tizilumbati, koma kagulu ka asilikali, akamba a m'nyanja ndi mbalame. Bassas da India madzi akadzaza amamira pafupifupi yense.

Nanga n'chiyani chokanganirana? Pangano la malamulo a panyanja la mu 1982 limapatsa dziko ufulu pa nsomba ndi chuma cha pansi pa madzi mpaka makilomita 370 kuchokera pa gombe lake. Mwini kachilumba ndiye amadzitcha mwini wa madzi ozungulira. Mu 1979 msonkhano waukulu wa ONU udapempha France kuti akambirane ndi Madagascar zobweza tizilumbati. Mu Okutobala 2019 Emmanuel Macron adaponda pa Glorieuses n'kunena poyera kuti pamenepo m'pa France. Kukhomo la kumpoto nkhani ndi yomweyo: Comores atalandira ufulu mu 1975, chilumba cha Mayotte, chimene anthu ake ambiri adavotera kukhala ndi France, chidatsala, ndipo mu 2011 chidasanduka chigawo chenicheni cha dzikolo, ngakhale boma la Comores silidavomerezepo.

Titafuna kulondera tokha

Kumapeto kwa Disembala 2010 achifwamba a ku Somalia adatsika mpaka m'madzi athu n'kulanda Vega 5, chombo cha asodzi chimene antchito ake ambiri adali a ku Moçambique. Amene adachilanditsa mu Malichi 2011 ndi asilikali a panyanja a India, kutali kwambiri ndi kuno, ndipo ena mwa asodziwo sadapezeke. Chaka chomwecho South Africa adayamba kutumiza zombo ndi ndege zake ku Pemba kudzatilonderera. Nthawi yomweyonso, mu 2010 ndi 2011, makampani a Anadarko ndi Eni adapeza gasi wochuluka pansi pa nyanja moyang'anana ndi Cabo Delgado.

Kufunika kwa zombo zathuzathu kudali koona, ndipo palibe angatsutse. Chimene chidachitika ndicho chomvetsa chisoni. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, ProIndicus, Ematum ndi MAM, adakongola ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni, boma litaikira chikole popanda nyumba ya malamulo kuvomereza, ati zogulira mabwato olondera gombe ndi ena ogwira nsomba za atum. Zonse zitaululika mu 2016, mayiko otithandiza adaimitsa thandizo, metical adagwa, ndipo mtengo wa mchere, sopo ndi feteleza udakwera mpaka m'kantina ya kumudzi kwanu. Mabwato ambiri adachita dzimbiri pa doko la Maputo. Mu Disembala 2022 khoti la ku Maputo lidagamula anthu 11 kuti akakhale kundende, ndipo mu 2024 khoti la ku New York lidapeza nduna yakale ya zachuma, Manuel Chang, yolakwa.

Choncho zigawenga zitalanda doko la Mocímboa da Praia mu Ogasiti 2020, n'kuthira nkhondo pa Palma mu Malichi 2021, padafunikanso alendo. Asilikali a Rwanda ndi a SADC adafika mu Julaye 2021, ndipo mwezi wotsatira a Rwanda pamodzi ndi athu adalandanso dokolo. A SADC adabwerera kwawo mu 2024. Chaka chomwecho zombo zambiri zidathawa njira ya Suez chifukwa cha mizinga ya a Houthi a ku Yemen, n'kuyambanso kuzungulira kumunsi kwa Afirika monga ankachitira Apwitikizi akale.

Gasi woyamba wa ku Cabo Delgado adanyamuka mu Novembala 2022, kuchokera pa fakitale yoyandama ya Coral Sul, ulendo wa ku Ulaya. Malasha a ku Moatize amatulukira pa Nacala, sitima zake zikudutsa m'Malawi. Petulo ndi dizilo amene timagula ife amabwerabe woyengayenga kuchokera kunja. Ndipo paipi ija ya ku Feruka, imene Angerezi adaikhalira tcheru zaka 9 kuti iume, idatsegulidwanso mu 1982, ndipo lero ndiyo imanyamula mafuta ochuluka a dziko la Zimbabwe.